Chigono Chaulere m'Thengo la Boma ku America

Nkhani ya sabata ino ikuchokera kutali, kumadzulo kwa dziko la United States of America, kumene munthu angathe kuyenda pa galimoto maola angapo osaona mudzi, munda kapena utsi wa moto. M'chigawo cha Nevada kapena cha Utah, dzuwa likapendeka, si zachilendo kuona galimoto ikusiya msewu wa tala ndi kutsata kanjira kafumbi kolowera kumapiri. Ikayenda mamailosi angapo imaima pamalo poyera, pamene pali miyala yozungulira phulusa lakale. Eni ake amatsika, nakhoma tenti, natereka mphika. Palibe chipata, palibe kalaliki wolemba lisiti, ndiponso palibe nyakwawa woti mlendo ayambe waonekera kwa iye asanayale mphasa. Kukacha amazula tenti napitiriza ulendo, osalipira ngakhale khobiri limodzi.

Omvera ambiri amalidziwa dziko la America ngati dziko limene chilichonse chili ndi mtengo, ndipo potero sakulakwa kwenikweni. Malo ogona okonzedwa bwino, okhala ndi mpopi ndi chimbudzi, amalipiritsa, ndipo kumalo otchuka monga Yellowstone ndi Yosemite munthu amayenera kulembetsa kudakali miyezi ingapo. Tsono chigono chaulerechi chimachokera kuti? Yankho lake lagona pa nkhani ya malo. Boma lalikulu la ku Washington lili ndi maekala pafupifupi 640 miliyoni, ndiko kuti kupitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo anayi a dziko lonselo. Malowa sadagawike mofanana. Kum'mawa, m'chigawo ngati Connecticut, malo a boma safika ngakhale ekala imodzi pa maekala 100 alionse. Kumadzulo zinthu n'zosiyana: ku Nevada maekala pafupifupi 80 pa 100 alionse ndi a boma, ndipo ku Utah ndi ku Idaho amapitirira 60.

Malo amenewa adali ndi eni ake. Mitundu ya anthu monga a Navajo, a Shoshone, a Paiute ndi a Ute idakhalamo zaka mazanamazana Azungu asanafike. Mu 1803 boma la America lidagula dera lalikulu lotchedwa Louisiana kwa dziko la France pa mtengo wa madola 15 miliyoni, ndipo mu 1848 lidatenga dera lina lalikulu kwa dziko la Mexico itatha nkhondo. Pa malonda ndi mapangano amenewa eni nthaka sadafunsidwe. Adathamangitsidwa ndi mfuti, ena adanyengedwa ndi mapangano amene sadasungidwe, mpaka adapanikizidwa m'madera ochepa. Chigono chimene lero chikutchedwa chaulere chilipo chifukwa anthu ena adachilipira kale ndi kwao komwe. Mlendo ayeneranso kudziwa kuti madera amene adatsalira mitundu imeneyi si malo a boma ayi. Wofuna kugona m'dziko la a Navajo amayamba wapempha chilolezo kwa a Navajo eni ake.

Poyamba boma silidafune kusunga malowa. Lidafuna kuwagawa. Mu 1862 Pulezidenti Abraham Lincoln adasaina lamulo lotchedwa Homestead Act, limene lidapatsa munthu maekala 160 ngati atakhalapo ndi kulimapo zaka zisanu. Kumene kumagwa mvula yokwanira, malo adatha msanga. Koma kumadzulo kwenikweni mvula ndi yochepa kwambiri, ndipo mu 1878 katswiri wina woyeza malo, John Wesley Powell, adachenjeza boma kuti kumeneko maekala 160 sangadyetse banja. Iye adati woweta ng'ombe angafunike maekala 2,560. Boma silidamumvere, koma nthaka yokha idatsimikiza mau ake. Anthu adatenga madambo ndi malo a m'mbali mwa mitsinje, nasiya mapiri, miyala ndi zipululu. Zotsalazo zidasanduka busa la aliyense, ndipo ng'ombe ndi nkhosa zidadya msipu mpaka nthaka idayamba kuuluka ndi mphepo. Mu 1934 boma lidakhazikitsa lamulo loti woweta azidyetsa ziweto ndi chilolezo. Mu 1946 lidaphatikiza maofesi awiri akale n'kupanga bungwe lotchedwa Bureau of Land Management, limene anthu amangoti BLM, ndipo mu 1976 nyumba ya malamulo idagamula kuti malo otsalawo asagawidwenso, akhale a anthu onse.

Lero bungwe la BLM limayang'anira maekala pafupifupi 245 miliyoni, malo amene dziko la Malaŵi lingalowemo kasanu ndi katatu. Mnzake ndi bungwe la nkhalango, la Forest Service, limene lidayamba mu 1905 pa nthawi ya Pulezidenti Theodore Roosevelt, mkulu wake woyamba ali Gifford Pinchot; ili limayang'anira maekala 193 miliyoni. Pa malo a mabungwe awiriwa lamulo ndi lakuti munthu angathe kugona paliponse pamene sipadaletsedwe. M'malo osungirako zachilengedwe monga Yellowstone lamulo lidatembenuzika: munthu amagona pokhapo pamene palolezedwa. Kusiyana kumeneku n'kumene kumasokoneza alendo ambiri, ndipo ena amadzutsidwa pakati pa usiku ndi tochi ya mlonda chifukwa choyesa kuti thengo lonse ndi limodzi.

Mau akuti chigono asanyenge munthu. Pamalopo palibe kanthu. Palibe madzi, palibe chimbudzi, palibe nkhando yotayamo zinyalala, palibe woyang'anira, ndipo kawirikawiri foni ya m'manja siigwira. Chimene chilipo ndi nthaka yoyera ndi bata. Zina zonse munthu amabwera nazo, ndipo amabwerera nazo.

Ntchito yofuna malo imayamba munthu asananyamuke, ndipo imayamba ndi mapu. Thengo silisonyeza mwini wake. Tchire la boma ndi tchire la mwini famu zimaoneka chimodzimodzi, ndipo waya wa minga sathandiza, pakuti ambiri mwa mawayawo adaikidwa pofuna kutchinga ng'ombe, osati kusonyeza malire. Pali malo a boma otchingidwa ndi waya, palinso malo a eni ake opanda waya ngakhale mmodzi. Chifukwa cha ichi BLM imasindikiza mapu opaka mitundu: malo ake ndi achikasu, a nkhalango za boma ndi obiriwira, a boma la chigawo ndi abuluu, ndipo a eni ake amasiyidwa oyera. Abuluuwo ndi ofunika kuwasamala. Malo a chigawo ali ndi malamulo akeake, ndipo ku Arizona munthu sagonapo popanda kugula chilolezo.

M'nkhalango za boma muli mapu ena ofunika kuposa onse, amene adayamba kutuluka potsatira lamulo la mu 2005 loyendetsera magalimoto m'nkhalango. Mapuwa ndi osakongola, akuda ndi oyera basi, ndipo amaperekedwa ulere ku ofesi ya nkhalango ndiponso pa intaneti. Amasonyeza njira zimene galimoto ikuloledwa kudutsa, miyezi imene njirazo zimatsegulidwa, ndi m'mbali mwa njira ziti mmene munthu angapatuke ndi galimoto kukagona. M'nkhalango zambiri timadontho ta pamapu tikandanda m'mbali mwa njira, ndiye kuti galimoto ingapatuke mpaka mapazi 300, ndipo kwina malire ake ndi ochepera pamenepo. Njira imene palibe pa mapuwa ndi yotsekedwa, ngakhale itaoneka yopondedwa bwino ndi matayala a anthu ena. Masiku ano ambiri amadalira mapu a pa foni amene amasonyeza malire a malo ndi pamene munthu waima, ndipo ndi othandizadi, malinga munthu awasunge m'foni adakali m'tauni. Amene amayembekeza kuti akawatsegula ali m'phiri amapeza foni ili duu.

Komabe palibe mapu amene amadziwa kuti dzulo madzi adakokolola kamlatho, kapena kuti sabata ino moto waletsedwa. Zimenezo amazidziwa ndi anthu a ku ofesi ya nkhalango kapena ya BLM ya m'deralo. Maofesiwa amapezeka m'matauni ang'onoang'ono ambiri a kumadzulo, ndipo kufunsa n'kwaulere. Paja safunsa adadya phula. Wozolowera ulendo wotere safunsa kuti malo abwino ali kuti, pakuti yankho la funso limenelo limatumiza aliyense pamalo amodzi. Iye amatchula galimoto imene ali nayo, nafunsa njira imene ingaithe, nafunsanso kumene kuli matope ndi kumene kukugwira ntchito odula mitengo.

Pa mapu a chigawo cha Wyoming pali chinthu chodabwitsa. Kum'mwera kwa chigawocho, mtunda wautali zedi, mitundu yachikasu ndi yoyera yasinthanasinthana m'timabokosi tofanana ngati bolodi la drafuti. Chiyambi chake ndi njanji. M'zaka za m'ma 1860 boma, pofuna kuti njanji idutse dziko lonse, lidalipira kampani ya Union Pacific ndi malo. Lidadula dzikolo m'zidutswa za maekala 640, mailo imodzi m'litali ndi imodzi m'lifupi, ndipo m'mbali zonse ziwiri za njanji, mpaka mamailosi 20, lidapereka chidutswa chimodzi n'kusunga chotsatira, kupereka chimodzi n'kusunga chotsatira. Zidutswa za kampani zidagulitsidwa kwa eni mafamu. Za boma zambiri zidatsala, koma chilichonse chidazingidwa ndi malo a eni ake mbali zonse zinayi, n'kumakhudzana ndi chinzake cha boma pangodya pokha, pamene pali kachitsulo ka oyeza malo. Kwa zaka zoposa 100 funso lidali lakuti: kodi munthu akadumpha pangodyapo, kuchoka pa malo a boma kupita pa malo a boma, phazi lake osaponda nthaka ya mwini famu, walakwa?

Funsoli lidafika ku khothi chifukwa cha alenje a ku Missouri amene adapita kukasaka pa phiri la Elk Mountain mu 2020 ndi mu 2021. Pangodya ina mwini famu adazikapo zitsulo ziwiri za zikwangwani zoletsa kulowa. Paulendo wachiwiri alenjewo, amene adali anayi, adabwera ndi makwerero opinda amene adapangira ntchito yomweyo, nawaimika mwendo wina pa chidutswa cha boma ichi, wina pa chidutswa cha boma icho, nakwera, natsikira tsidya linalo. Adaimbidwa mlandu wolowa m'malo a mwini popanda chilolezo, koma mu Epulo 2022 adapezeka osalakwa. Kampani ya mwini famuyo idawasumiranso, ponena kuti ngakhale mapazi sadaponde nthaka yake, mapewa awo adadutsa mumlengalenga mwa malo ake, ndi kuti zimenezi zidatsitsa mtengo wa famuyo ndi madola mamiliyoni angapo. Zingamveke zoseketsa, koma chimene chinkalimbiranidwa sichidali chaching'ono: mwini famu akatha kutseka ngodya, ndiye kuti phiri lonse la boma limene lili kuseri kwake lasanduka lake popanda kuligula. Mu Meyi 2023 woweruza adagamula mokomera alenje. Mu Malichi 2025 khothi la apilo lidavomereza chigamulocho, potsamira pa lamulo la mu 1885 loletsa munthu kutsekera anzake malo a boma, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho khothi lalikulu kwambiri m'dzikomo lidakana kuumvanso mlanduwo. Chigamulochi chikugwira ntchito m'zigawo zisanu ndi chimodzi zokha: Wyoming, Colorado, Utah, New Mexico, Kansas ndi Oklahoma. Chimathandizanso woyenda pansi yekha, wosenza katundu wake kumsana. Wa galimoto sangadumphe ngodya. Iye amalowa m'malo a boma pokhapokha pali msewu wa anthu onse wofikako.

Mapu akatha ntchito yake, maso amayamba yawo. Lamulo loyamba la ozolowera ndi kufika dzuwa lidakalipo. Usiku malo onse amaoneka osalala, ndipo dzenje, chitsa kapena phompho zimadziwika galimoto itagweramo kale. Njira ikayamba kukayikitsa, wanzeru amatsika nayamba waiyenda pansi, kuti aone ngati kutsogolo kuli potembenukira. Dothi la m'madera ambiri a ku Utah ndi ku Wyoming ndi lamakande: likauma limalimba ngati simenti, koma likangolawa mvula limaterera ndi kumatirira matayala kotero kuti ngakhale galimoto yamphamvu imangozungulira pamodzimodzi. Wolowa njira yotere kumwamba kutachita mdima angathe kukhalako masiku awiri kudikira kuti kuume, ndipo galimoto yodzamukoka, ngati ataipeza, imalipiritsa ndalama zoposa za hotela imene ankaithawa.

Chimene munthu amafuna ndi malo amene ena adagonapo kale. Chizindikiro chake ndi nthaka yopondeka, yopanda udzu, ndi miyala yoikidwa mozungulira ngati mafuwa ochuluka. Kusankha malo akale si ulesi. M'chipululu udzu ukapondedwa ndi matayala sumeranso msanga, ndipo malo atsopano alionse amene munthu mmodzi watsegula amaitana wachiwiri ndi wachitatu. Kum'mwera kwa Utah nthaka ili ndi kakhungu kakuda, kokhakhala, kamene mlendo angakayese dothi louma chabe. Kakhunguko ndi kamoyo: ndi tizamoyo ting'onoting'ono pamodzi ndi ndere, timene timamanga mchenga kuti usauluke ndi kusunga chinyezi. Phazi limodzi limakaphwanya, ndipo kuti kabwerere mwakale pamapita zaka makumi angapo.

Malo okopa kuposa onse ndiwo oopsa kuposa onse. Khwawa louma limakhala ndi mchenga wofewa, losalala, lotetezeka ku mphepo, ndipo wotopa amaliona ngati mphasa yoyalidwa kale. Koma ku Arizona, ku New Mexico ndi ku Utah, kuyambira mu Julaye mpaka mu Sepitembala, mvula yamabingu imagwa kumapiri mamailosi ambiri kutali, ndipo madzi ake amatsika m'khwawa ngati khoma, atasenza miyala ndi mitengo, pamene pamalo pogonapo nyenyezi zili mbee. Omvera a m'madera a m'munsi mwa mapiri sasowa kuwafotokozera zimenezi. M'nkhalango choopsa chili kumwamba. Ku Colorado, ku Wyoming ndi ku Montana tizilombo toboola makungwa tidapha mitengo ya paini yosawerengeka, ndipo mitengo youmayo idakali chiimire, kudikira mphepo. Asanakhome tenti munthu amayamba wayang'ana chimene chingamugwere.

Madzi nawo ali ndi malamulo ake. Mlendo amapemphedwa kugona mapazi 200 kuchoka pa mtsinje kapena kasupe, ndiwo mayadi pafupifupi 70, kuti asaipitse madzi ndi kugumula gombe. Ku Arizona lamulo limaletsa kugona pafupi ndi chitsime kapena dziwe, mkati mwa kota ya mailo, ngati potero nyama zakuthengo kapena ziweto zilephera kudzamwa. Pajatu malowa si a alendo okha. Ng'ombe za anthu okhala ndi chilolezo zimadya momwemo, ndipo m'chipululu mwina chitsimecho n'chokhacho pa mtunda wa tsiku lathunthu; tenti ikaima pambali pake, ng'ombe ndi mbawala zimangozungulira kutali ndi ludzu. Mwambo wa zipata ndi wachidule: chopezeka chotseka chimatsekedwanso, chopezeka chotsegula chimasiyidwa chotsegula, pakuti mwini ng'ombe adali ndi chifukwa. Madzi akumwa munthu amanyamula m'zigubu, malita anayi pa munthu patsiku, ndipo nthawi yotentha amaonjezera. A mumtsinje, ngakhale aoneke oyera chotani, amayenera kuwiritsidwa kapena kusefedwa, chifukwa amakhala ndi tizilombo totsegula m'mimba. Kumpoto, ku Montana, ku Idaho ndi ku Wyoming, kumene kuli zimbalangondo zikuluzikulu, chakudya sichigona mu tenti. Chimatsekeredwa m'galimoto kapena kupachikidwa pamwamba, kutali ndi pogona. Kum'mwera chofunika ndi kuyang'ana poponda, chifukwa cha njoka yaululu imene imachenjeza poliza mchira wake ngati chisekese.

Ulere umenewu uli ndi malire a masiku. Pa malo ambiri a BLM munthu amaloledwa kukhala masiku 14 pa masiku 28 alionse, ndipo akakwana amayenera kusamuka, kawirikawiri mtunda wa mamailosi 25. M'nkhalango zambiri malire ndi masiku 14 omwewo, kwina 16. Cholinga chake ndi chakuti chigono chisasanduke mudzi, ndi kuti munthu mmodzi asatenge malo a onse n'kuwayesa ake.

Koma alipo anthu amene lamuloli limawayendetsa chaka chonse, chifukwa galimotoyo ndiyo nyumba yawo. Ena ndi opuma pa ntchito amene adasankha moyo umenewu mokondwa. Ena adachita kukankhidwa ndi lendi yokwera, matenda kapena kutha kwa ntchito, makamaka chuma cha dzikolo chitagwedezeka mu 2008, ndipo amasamuka masabata awiri alionse ndi zonse zimene ali nazo. Buku la Jessica Bruder lotchedwa Nomadland, la mu 2017, ndi kanema wochokera m'bukulo amene adalandira mphoto ya Oscar mu 2021, zidaonetsa dziko lonse moyo wa anthu amenewa. Likulu lawo nthawi yozizira ndi katauni ka Quartzsite ku Arizona. Pa kalembera wa mu 2020 kataunika kadali ndi anthu pafupifupi 2,400, koma mu Januwale, kumpoto kukaundana ndi chipale, chipululu chozungulira chimadzaza ndi makalavani ndi magalimoto zikwizikwi. Pofuna kuti anthuwa asamangothamangitsidwa, mu 1983 BLM idapatula malo otchedwa La Posa, maekala oposa 11,000, kumene munthu angakhale kuyambira pa 15 Sepitembala mpaka pa 15 Epulo atagula chilolezo. Kwa zaka zambiri mtengo wake udali madola 180 pa miyezi isanu ndi iwiri yonseyo, ndipo pamtengo umenewo munthu amapeza potunga madzi ndi potaya zinyalala. Osakwanitsa kulipira amakhala m'malo aulere a masiku 14 ozungulira tauniyo. Amodzi mwa malowa amatchedwa Hi Jolly, dzina limene asilikali a ku America adapotoza polephera kutchula Hadji Ali, woyendetsa ngamila amene adafika m'dzikomo pamene gulu la nkhondo linkayesa kugwiritsa ntchito ngamila m'chipululu. Iye adamwalira ku Quartzsite mu 1902, ndipo pamanda pake pali mulu wa miyala wosongoka, pamwamba pake pali chifanizo cha ngamila. Pofika mu Meyi kutentha kumayandikira madigiri 40, ndipo chipululucho chimatsala chokha.

Chinthu chimene mabungwe awiriwa amachiopa kuposa zonse ndi moto. Pa 29 Meyi 2011 amuna awiri apachibale amene adagona m'nkhalango ya Apache-Sitgreaves, kum'mawa kwa Arizona, adachoka pamsasa pawo kukayenda, poganiza kuti moto wawo wazima. Mphepo idaukolezera. Moto umenewo, umene udatchedwa Wallow, udayaka kupitirira mwezi, udatentha maekala oposa 538,000 ndi nyumba zoposa 30, udaoloka malire kulowa ku New Mexico, ndipo ndiwo waukulu kuposa wina uliwonse m'mbiri ya Arizona. Awiriwo adavomera mlandu ndipo adalamulidwa kulipira madola oposa 3 miliyoni. Sadali anthu oipa mtima. Adangoona phulusa loyera pamwamba osafufuza makala a pansi. Njira yozimitsira imene alonda a nkhalango amaphunzitsa ndi yosavuta: kuthira madzi, kutakasa ndi fosholo, kuthiranso madzi, kenaka kuyandikiza kuseri kwa dzanja. Phulusa likakhala lofunda, munthu sanayenere kuchoka. Kukwirira ndi dothi lokha sikuzimitsa, koma kumasunga makala, monga amadziwira aliyense amene adasungapo moto wa m'mawa m'phulusa. Nthawi ya chilimwe boma limaletsa moto wa nkhuni m'madera athunthu, ndipo ku California ngakhale wophika pa kachitofu ka gasi kunja kwa malo okonzedwa amafunika chilolezo cha moto, chimene chimaperekedwa ulere.

Nkhani yotsala ndi yosakoma kuikamba pa wailesi, koma ndiyo ikutseketsa malo ambiri. Kumene kulibe chimbudzi, mlendo amayenera kukumba kadzenje kakuya mainchesi 6 mpaka 8, mapazi 200 kuchoka pa madzi, pa njira ndi pa msasa, ndipo akatha akwirire bwino. Njira imeneyi imagwira ntchito alendo akakhala owerengeka ndiponso nthaka ikakhala yachinyezi. M'chipululu zonyansa siziola msanga. Mu 2020, pamene mliri wa Covid-19 udatseka mahotela ndi maulendo a ndege, anthu ochuluka amene sadagonepo kuthengo adakhamukira ku malo a boma, ndipo mapu a pa foni adawalondolera onse kumalo amodzimodzi. Malo amene kale ankadziwika ndi abusa ndi alenje ochepa adayamba kulandira magalimoto makumimakumi usiku uliwonse. Kuseri kwa mwala uliwonse kudayamba kupezeka mapepala, mitengo yaiwisi idadulidwa nkhuni, ndipo tinjira tatsopano tidang'amba tchire.

Boma lidayankha potseka. Kuzungulira tauni ya Moab, ku Utah, m'madera ambiri munthu amagona pamalo oikidwa chizindikiro pokha, ndipo amayenera kukhala ndi chimbudzi chonyamula kapena matumba opangidwira ntchitoyo, n'kubwerera nazo zonse ku tauni. Ku Alabama Hills, m'munsi mwa phiri la Whitney ku California, kumene kudajambulidwa akanema ambiri a anyamata oweta ng'ombe pa akavalo, BLM idakhazikitsa dongosolo latsopano mu 2021: mbali yaikulu idasanduka yoyendako masana okha, ndipo ogona adatsala ndi malo owerengeka. Kawirikawiri malo otere amakhalabe aulere, koma akadzaza ndiye kuti adzaza, ndipo wofika madzulo amabwerera. N'kovuta kuwadzudzula alonda pa zimenezi, popeza mlonda mmodzi amayang'anira dera limene galimoto singalizungulire tsiku limodzi. Chokhumudwitsa n'chakuti amene amavutika kwambiri ndi kutsekaku si alendo a Loweruka ndi Lamlungu amene adaipitsa malowo, koma aja amene alibe nyumba ina yobwererako.

Palinso ena amene amafuna kuti malowo achoke m'manja mwa boma. Mkanganowu ndi wakale kumadzulo, kumene anthu ambiri a m'midzi amadandaula kuti zochita pa nthaka yowazungulira zimagamulidwa ku Washington, ndi kuti malo a boma salipira msonkho ngati malo a eni ake. Mu Juni 2025 phungu wa ku Utah m'nyumba ya Senate, Mike Lee, adaika m'bilu ya zachuma ganizo loti maekala oposa 2 miliyoni a BLM ndi a nkhalango agulitsidwe m'zigawo 11, ponena kuti pakufunika malo omangapo nyumba. Otsutsa adachokera mbali zonse: alenje, asodzi, okwera mapiri, ogona m'matenti, ngakhalenso aphungu ena a chipani chake chomwe a ku Montana ndi ku Idaho. Pa 28 Juni Lee adalichotsa ganizolo m'biluyo, koma adanenetsa kuti maganizo ake akuti boma lili ndi malo ochuluka mopitirira muyeso sadasinthe.